Oyilo Amene Ndinathira M'galimoto ya Ukwati

Inu owerenga, ine ndine makaniko wa ku Ndirande, ndipo ndikuvomera pamaso panu kuti ndinamulepheretsa mwana wa mlongo wanga kukwera galimoto ya bambo ake pa tsiku la ukwati wake. Palibe anandilodza ayi. Ndi manja angawa, komanso kudzimva kwanga.

Alamu anga, amuna a mlongo wangayo, amagwira ntchito ku Joni. Ukwati wa mwana wawo Tadala utayandikira, anabwera pamsewu ndi galimoto yawo ya ku Jemani, yakuda bii, ya otomatiki. Ee, galimoto ija! Ukangoponda pang'ono, msana umamatirira kumpando. Tadala ali wamng'ono ankawauza bambo ake kuti tsiku lake adzamuyendetse okha kupita ku tchalitchi, ndiye iwo anayendera zimenezo ulendo wonsewo.

Lachiwiri galimoto inayamba kuvuta. Ikatentha inkagunda kuti gu posintha giya, nyali yachikasu n'kuyaka padashibodi, kenako n'kukakamira giya imodzi, kumangolira osathamanga. Alamu anati tipite nayo kwa odziwa. Ine mtima unandipsa. Odziwa ake ati, ine ndili pano? Zaka zonsezi ndakhala ndikudzutsa maminibasi akufa!

Ndinachita zimene timachita ambirife kuno. Ndinachotsa waya wa batire n'kubwezera. Nyali itakana kuzima, ndinabwereka kwa mnzanga kamakina kena kamene tonse timangodziwapo batani limodzi, lofufutira. Nyali inazima. Poona timadontho ta oyilo pansi, ndinati wachepa, ndiye ndinatenga oyilo wofiira amene timathira m'timagalimoto ta masiku onse n'kukhuthulira wambiri ndithu m'giyabokosi. Tinazungulira nayo pafupi, inayenda bwinobwino, ine n'kudziguguda pachifuwa.

Lachisanu m'mawa tikukwera chitunda cha ku Chilomoni, kugunda kuja kunabwerera, moposa kale. Ndinati giyabokosi yatha, tiitsitse basi. Alamu anangoti tikupita ku Kanjedza kwa mayi Asiyatu. Mbiri yawo ndinkaimva, kuti amakonza magiyabokosi a otomatiki, koma ndinkaseka kuti mzimayi angandiuze chiyani ine za galimoto.

Abale, tsiku limenelo ndinaona ntchito. Mayi Asiyatu, atavala ovolosi ndi mpango wawo kumutu, sanagwire n'komwe sipanala. Anayamba ndi mafunso ngati a kuchipatala. Imavuta ikazizira kapena ikatentha? Pokwera kapena potsika? Pochoka giya iti kupita iti? Ine sindinafunseko ngakhale limodzi. Atalumikiza kompyuta yawo anapeza mulibe kanthu. Anandiyang'ana mwaulemu n'kunena kuti, "Achimwene, galimotoyi inalemba matenda ake, koma wina anafufuta." Ndinangoti zyoli.

Sanandinyoze. Analowa pachiwongolero, kuwapatsa alamu kompyuta kuti anyamule, kuzimitsa wailesi, n'kutiuza kuti tikhale chete. Tinaloza ku Bangwe, iwo akuponda, kusiya, kupondanso, khutu lili tcheru, mpaka galimoto inatentha n'kugunda. Kompyuta inaonetsa kuti uthenga wochokera ku sensa yoyeza liwiro ukudukaduka. Ine ndikanathamangira kukagula sensa. Iwo anati sensa ikhoza kukhala yabwino, tione kaye njira imene uthengawo umadutsa.

Titabwerera kugalaja analowa pansi n'kuzula pulagi imene mawaya amalowera m'giyabokosi. Inali tho ndi oyilo. Karaba kotseka pamenepo kanali katatha, oyilo n'kumayenderera m'mawaya. Timadontho tija ndinationa tinkachokera pomwepo! Anasintha karabako, kutsuka mawaya, kuumitsa. Ola silinakwane. Giyabokosi imene ine ndinaiweruza kuti yafa inali yamoyo ndithu. Ndinawasirira mayi aja mpaka ndinaiwala manyazi anga.

Koma sanathere pomwepo. Anadonthetsera oyilo papepala loyera, kununkhiza, kutikita ndi zala, n'kufunsa kuti munathiridwa chiyani. Ndinaulula. Anafotokoza mofatsa kuti giyabokosi ya mtundu umenewu ili ndi oyilo wakewake, ndipo wosakanizayu ayenera kutulutsidwa yense, apo ayi zam'kati zipsa. Anaimba mafoni m'masitolo a ku Limbe ndi m'tauni. Oyiloyo kunalibe, onse ankati afika Lachiwiri. Ukwati unali mawa lake.

Alamu anachonderera kuti n'kuchokera ku tchalitchi ku Nkolokosa kukafika ku holo basi. Mayi Asiyatu anakana. Anati mdipiti wa ukwati umakwawa, kuima, kukwawanso dzuwa likuswa mtengo, ndipo kuyenda kotereku n'kumene kungaimalize. "Sindingakunamizeni kuti musekerere lero, mawa mudzalirire pamsewu ndi mkwatibwi," anatero. Vuto limene galimoto inabwera nalo anali atalithetsa. Chimene chinaigoneka pagalaja chinali oyilo wanga.

Loweruka Tadala anakwera minibasi ya aneba, titaimangirira maliboni. Alamu anga, amene anawoloka malire atatu kuti amuyendetse okha, anakhala pampando wakumbuyo, manja ali pamaondo. Ine ndinali nkhoswe ya kuchikazi, wokhala kutsogolo, aliyense akundiona. Ku holo Tadala anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Amalume, musadandaule, ndafikatu." Akanandikalipira bwenzi zili bwinoko. Mawu amenewo amandilasabe mpaka lero.

Inu owerenga, makamaka amakaniko anzanga, nyali ikayaka musathamangire kuizimitsa, werengani kaye chimene ikunena. Oyilo asakupusitseni ndi kufiira kwake, funsani amene galimotoyo imafuna. Ndipo galimoto ikakuposani nzeru, nenani msanga kuti sindidziwa, nthawi ikadalipo. Masiku ano Loweruka lililonse ndimapita ku Kanjedza kukaima pambali pa mayi Asiyatu n'kumaphunzira kufunsa mafunso. Galimoto ija anaithira oyilo wake Lachiwiri, inabwerera ku Joni osagundako ngakhale kamodzi. Koma pa zithunzi zonse za ukwati wa Tadala, kumbuyo kwake kuli minibasi.