Dzenje losafuna kutembenuzidwa

Dimba langa lili kuno ku Mzuzu, kumunsi kwa Ching'ambo, pomwe nyumba zimathera dambo n'kuyamba. Madzi onse otsika m'mabedi anga a kabichi ndi tomato amadutsa m'kangalande kamodzi n'kukagwera m'dziwe la nsomba la aneba anga, mayi wamasiye amene anapuma ntchito ya unamwino. Kwa zaka zambiri ndinkaona ngati ndikuwachitira chifundo powapatsa madzi aulere.

Chaka chimene ndinawonjezera feteleza, dziwe lija linabiriwira ngati ndiwo zamasamba zosinja. M'mawa wina mayiwo anandiitana. Makumba a m'dziwemo anali atayandama, kukamwa kuli yasa, ena atagadama kale. Anapinda mkono wa bulauzi n'kulowetsa dzanja m'madzi. Chikhatho chinasowa madzi asanafike ngakhale pomangira wotchi.

"Dada, mukuona? Chikhatho chimayenera kuoneka mpaka madzi afike m'chigongono. Ndere zonsezi zikunenepa ndi feteleza wanu. Zikachitikanso mvula ikubwerayi, ngalande yanu nditseka ndi simenti."

Sankanena zoseka. Ngalandeyo ikanatsekedwa, madzi akanabwerera m'mabedi mwanga, dimba n'kusanduka chithaphwi.

Ine sukulu ndinalekezera fomu thu, koma pepala lililonse ndimawerenga, ngakhale lokulungira usipa. Pafoni ya mkazi wanga ndinapeza nkhani ya alimi akunja amene amakumba dzenje panjira ya madzi otuluka m'munda, n'kulidzaza ndi zibenthu za mitengo. M'zibenthumo mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso. Timadya mtengowo, ndipo mchere wa feteleza wotchedwa naitireti timausandutsa mpweya wopanda vuto. Nditawerenga ndime zitatu, bandulo ya intaneti inatha. Ndinadziuza kuti zotsalazo n'zokometsera chabe.

Ndinapita ku Zolozolo kwa akalipentala. Mmodzi anandilozera mulu wa utuchi.

"Mwayamba kuweta nkhuku, madala?"

"Ayi, ndikufuna zibenthu zikuluzikuluzo. Ndikuweta tizilombo."

"Tizilombo? Mukakolola mudzatigawireko," anatero, anzake akuseka.

Ndinakumba dzenje lofika m'chiuno, lalitali mapazi khumi ndi awiri, n'kulidzaza ndi zibenthu za paini. Mvula yoyamba itagwa, madzi anatulukamo ofiira ngati tiyi wopanda mkaka. Mayi aja anayang'ana madziwo, anayang'ananso ine.

Apa ndiye pamene nzeru zanga zinandipweteka. Ndine munthu wa manyowa. Kuyambira kalekale ndimadziwa kuti mulu wa zinyalala umafuna mpweya, ukausiya osautembenuza tizilombo timafa. Choncho Loweruka lililonse ndinkatenga foloko ya m'dimba, kutsegula kumunsi kuti madzi atuluke onse, n'kutembenuza zibenthu zija mpaka thukuta kamukamu. Ndinkachita ndi mtima wonse. Patatha milungu isanu ndi umodzi, dziwe linali likubiriwirabe, ndipo pakhonde la aneba ndinaona thumba la simenti.

Ndinagula bandulo ina, ndinakopera ndime yachinayi papepala, n'kupita nayo kwa mayi aja chifukwa mawu ena anandikanika. Anavala magalasi, anawerenga, kenako anaseka mpaka kugwira tebulo.

"A pulofesa! Tizilombo tanuti timagwira ntchitoyi pokhapokha mpweya ukasowa. Tikapeza mpweya, feteleza sitimukhudza. Tili ngati ta kafumbata, totukuka m'bala lakuya lotsekeka. Inu sabata iliyonse mwakhala mukutitsegulira mawindo!"

Ndinachita manyazi, koma ndinapempha kuti simenti idikire mpaka mvula ithe.

"Mpaka Epulo, dada. Osapitirira."

"Yewo chomene, mama," ndinathokoza.

Tsiku lomwelo ndinaika njerwa kumunsi kwa dzenje kuti madzi azikhalamo nthawi, azituluka pang'onopang'ono. Pamwamba ndinayala pulasitiki yakuda n'kukwirira ndi dothi. Feteleza ndinachepetsanso, n'kusiya kuthira kumwamba kukachita mdima. Ntchito yonseyi inatha masiku awiri. Yovuta inali yotsatira: kusachita kanthu. Loweruka likakwana manja ankandiyabwa. Kawiri mkazi wanga anandipeza nditaima pamwamba pa dzenje, foloko ili m'manja.

"Bambo a kunyumba, mukufuna chiyani pamenepo?"

"Ndikungoona."

"Mumaonera foloko?"

Anaitenga n'kukaibwereketsa kwa mchemwali wake ku Katawa, osandiuza tsiku lobweza.

Mvula ya ku Mzuzu siidziwa kutsanzika. Inagwa Febuluwale yense, inagwa Malichi. Madzi otuluka m'dzenje anasiya kufiira. Ndinalibe chida choyezera, choncho ndinkangoyang'ana dziwe m'mawa uliwonse, kuwerenga ngati pali nsomba yogadama. Sindinaone.

Kumayambiriro kwa Epulo mayi aja anandiitananso. Anapinda mkono n'kulowetsa dzanja pang'onopang'ono. Madzi anadutsa pa wotchi, anakwera, chikhatho chikuonekabe. Chinasowa patatsala zala zitatu kuti afike m'chigongono.

"Sizinafike," anatero.

"Nanga simenti ija?"

"Ngalande ikhale chaka chino. Koma thumba sindibweza, dada. Likhala pakhonde pomwepo, muzilipatsa moni."

Masana omwewo ndinayeza malo a dzenje lachiwiri, kumtunda kwa loyambalo, ndinakhoma zikhomo. Foloko sinabwerebe ku Katawa, koma khasu ndi piki ndili nazo. Akalipentala aja anati zibenthu zilipo, ndipo anafunsa ngati ziweto zanga zaswana.