Benchi la Kumbuyo la Amayi Anga

Ndinali ndi zaka khumi pamene amayi anga, a Nyalongwe, anadulidwa mu mpingo. Tinkakhala ku Nkhata Bay, m'zaka zija sitima ya Ilala inali idakali yatsopano padoko. Bambo anali kumigodi ku Joni, ndipo pakhomo tinatsala awiriwiri.

Amayi anali ndi vuto lopanda dzina. Linkawagwira mosachenjeza, makamaka anthu akawayang'anitsitsa. Tsiku lina tikugulitsa usipa wouma pamsika, ndinangoona manja awo akunjenjemera, thukuta lili kamukamu. Anagwira pachifuwa n'kukhala pansi pafumbi. "Mwanangu, ndikufa," anandinong'oneza. Sanafe. Patapita kanthawi anadzuka n'kusenza dengu lawo, koma manyazi anawatsekera m'nyumba masiku angapo.

Kuchipatala anawayeza mtima n'kuwauza kuti ali bwinobwino. Anthu atamva zimenezi anapeza poyambira. Ena ankati ndi ulesi, ena ankati akusowa mwamuna, ndipo ankanena akuseka, ine ndili pomwepo ndi makutu anga awiri.

Kumene amayi ankapuma bwino kunali kutchalitchi. Ankakhala kumapeto kwa benchi, pafupi ndi chitseko, atavala bulauzi yoyera ya gulu la amayi, ndipo poimba panalibe wowayang'ana. Mgonero ankaulemekeza kuposa china chilichonse. Sabata ya Mgonero ikafika, ngakhale nkhope yawo inkasintha.

Mchemwali wawo wamkulu, amene ndinkawatchula kuti amayi aakulu, anatopa kuwaona akuwonda. Anawatengera kumudzi kwa sing'anga wa vimbuza, uja amaimbira odwala ng'oma kuti mizimu iwasiye. Amayi anapitako kamodzi kokha, n'kubwerako ali chimodzimodzi. Koma nkhani inafika kwa akulu a mpingo iwo asanasambe n'komwe fumbi la m'njira.

Amene anabwera kudzawauza chigamulo anali ada Mhone, mkulu wa mpingo wa dera lathu, atamanga tayi dzuwa likuswa mtengo.

"Ama, mwaphatikiza Mulungu ndi ng'oma," anatero. "Bulauzi ija muisunge kaye, ndipo ku Mgonero musayandikire."

Kuyambira pamenepo amayi anasamukira ku benchi la kumbuyo, la anthu odulidwa. Njira yobwerera inali yodziwika: kulowa kalasi miyezi ingapo, kenako kuima kutsogolo kwa mpingo wonse Lamulungu ndi kuyankha mafunso mokweza. Odulidwa chifukwa cha mowa ankachita zimenezi mosavuta. Ena ankaima pamenepo fungo la kachasu wadzulo lisanathe n'komwe, n'kubwezeretsedwa. Amayi sanajombe kalasi ngakhale kamodzi, ndipo mayankho ankawaloweza akusinja chinangwa, ine ndikuwafunsa.

Tsiku lija litafika anasita bulauzi ndi nsimbi ya makala, n'kuipinda bwinobwino m'nsalu kuti akaivale akangobwezeretsedwa. Dzina lawo litaitanidwa anadzuka n'kuyamba kuyenda. Mitu yonse inatembenuka. Atafika pakati pa tchalitchi anaima, n'kugwira benchi, ndipo ndinamva kupuma kwawo ndili kumbali ya ana. Kenako anatembenuka n'kuthamangira panja.

"Mizimu ija ikadalimo," anatero mayi wina, osatsitsa n'komwe mawu.

Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango akusanza. Mapemphero atatha, ada Mhone anabwera.

"Ama, ngati mwalapadi, mukuopa chiyani?"

"Sindikudziwa, ada. Ndikanadziwa ndikanakuuzani. Mafunsowo ndifunseni pompano, kapena pamaso pa akulu okha. Ndiyankha onse."

"Lamulo silinapangidwire inu nokha, ama."

Mawu amenewo amandiwawabe mpaka lero. Akulu aja sakanataya kanthu kalikonse pomvera amayi m'kachipinda. Chaka chotsatira amayi anayesanso, koma miyendo inawakanira ali pakhomo la tchalitchi. Anthu anagamula kuti a Nyalongwe ndi ouma mtima, ndipo anzawo a gulu la amayi anasiya kubwera kwathu. Komabe Lamulungu lililonse amayi ankapita kukakhala pa benchi lawo la kumbuyo, ndipo mbale ya mkate ikamazungulira ankaweramitsa mutu.

Anamwalira ndi chibayo ine nditangokwatiwa kumene, asanalawenso Mgonero. Pamaliro awo azimayi sanavale zoyera. Mkulu wina anangopereka pemphero lalifupi, ngati munthu wothamangira basi ya ku Mzuzu.

Ndinali nditamera kale imvi pamene mdzukulu wanga, yemwe ndi namwino, anandimvetsera ndikufotokoza nkhaniyi. Anandiuza kuti amenewo ndi matenda a nkhawa: thupi limachita mantha aakulu popanda choopsa chilichonse, mtima n'kumathamanga, mpweya n'kumaperewera, ndipo mwini wake sangawaletse pongofuna. Anatinso masiku ano anthu otere amathandizidwa ndi uphungu ndi mankhwala. Iye ankaganiza kuti akunditonthoza, koma ine ndinapsa mtima ngati zachitika dzulo.

Tsopano ndikudziwa kuti amayi anga sanali aulesi, analibe mizimu, ndipo mtima wawo sunali wouma. Anali odwala, ndipo anapatsidwa mayeso amene matenda awo sakanawalola kukhoza. Akanakhala kuti anathyoka mwendo, palibe mkulu wa mpingo amene akanawauza kuti athamange kaye kuti alandire Mgonero.