Mkazi wa Pakhoma la a Saizi

Mumsewu wathu uno, mwamuna aliyense amene anafunsirapo mkazi n'kuloledwa, mukafufuza bwino mupeza kuti malaya a tsikulo anagula kwa a Saizi. Amene anakanidwa anakagula kwina. Ankanena zimenezi ndi a Saizi eni ake, ndipo panalibe wowatsutsa, poti okanidwa sakonda kuyankhula.

Dzinali linabwera chifukwa cha diso lawo. Tepi yoyezera anali nayo, koma inkangolendewera m'khosi ngati mkanda. Munthu akangoponda pakhomo pa shopu, iwo ankamuyang'ana kuyambira kuphazi mpaka kumutu n'kunena kuti, "Akulu, jinzi mukuiyang'anayo isiyeni. Chiuno chimenecho munachisiya ku bala chaka chatha." Munthu uja n'kukana, n'kulowa kuseri kwa katani. Tinkangomva kubuula ndi kulimbana ndi zipi, kenako n'kutuluka ali phee, kupempha yokulirapo.

Shopuyo inali kachipinda kopapatiza, pakati pa wometa ndi wokonza mafoni. Munali majinzi, matisheti, makapu, majekete ndi nsapato zoyera zija zimachititsa mnyamata kuyenda ngati pansi pali minga. Majezi a matimu awiri odana ankawapachika motalikirana, obiriwira kumanzere, achikasu kumanja, ati kuopa angamenyane shopu ikatsekedwa. Pamwamba pa chitseko panali kanema, ndipo tsiku la mpira munkadzaza amuna osagula ngakhale sokosi, koma odziwa kuphunzitsa timu kuposa mphunzitsi wake.

Koma chimene chinatchukitsa shopuyo ndi khoma la kumapeto, loyang'anizana ndi khomo, loti umaliona uli pamsewu. Analijambula mnzawo wa a Saizi, munthu wamtali, wowonda, wosayankhulayankhula, amene tonse tinkangomutchula kuti Bulashi chifukwa penti sinkachoka m'tsitsi mwake. Pakhomapo anajambulapo amuna atatu: wampira ataponda mpira wake, woimba atakoleka gitala, ndi wankhonya atavala jekete. Fasho ikasintha, Bulashi ankabwera ndi timabotolo take n'kuwavula amuna aja, n'kuwaveka zatsopano. Thalauza ikapanikiza m'miyendo, pakhoma inkapanikizanso. Ikatambasuka, inkatambasukanso. Anyamata asanagule kanthu ankayamba afunsana kuti, "Khoma lavala chiyani masiku ano?"

Pakona ya khoma lomwelo panali tebulo lositira, ndipo pamenepo panali pa akazi awo a a Saizi. Chovala chilichonse chinkayamba chadutsa pansi pa simbi yawo chisanapachikidwe. Mayi ameneyo anali ndi lamulo limodzi: mwamuna satuluka m'manja mwake kolala ili yogona. Ngakhale wobwera kudzangoonera mpira ankabwezedwa pakhomo. "Bwererani, achimwene. Kolala imeneyo mwagonera? Vulani, ndikukonzereni, mungatinyozetse." Ankayamba kusita kunsi kwa kolala, kenako pamwamba, kuchokera kunsonga kupita pakati.

Tsiku lina Bulashi atamaliza kuveka wankhonya jekete yatsopano, penti inatsala. Ndiye anajambula mayi uja pakona pomwepo, pamwamba pa tebulo lake, atacheuka, simbi ili m'manja, atatsala pang'ono kuseka. Tsono imvani. Amuna atatu aja nkhope zawo zinali ngati mbatata, onse ofanana, ukanati ndi ana a bambo mmodzi. Koma mayi uja! Kampata ka pamano kanalipo. Kachipsera ka pachibwano kanalipo. Timadontho ta thukuta pamphuno tinalipo. Khutu lokha linamutengera Bulashi masana onse.

Wometa atasuzumira anapukusa mutu. "Munthu sajambula khutu la mkazi wa mnzake chonchi," anatero. Msewu wonse unaona. Amene sanaone ndi a Saizi okha. Iwo ankachita kukoka anthu pamkono: "Bwerani mudzaone luso! Amake mwana ndi awa, ngati ayankhula!" Munthu woona chiuno cha mnzake kudutsa jekete yokhuthala analephera kuona chimene chinajambulidwa pakhoma lake lomwe. Anayamba kumuitana Bulashi pafupipafupi, ngakhale fasho isanasinthe.

Paja amati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tsiku lina a Saizi anapita kukaoda katundu. Pobwera anapeza malaya onse ositidwa, opachikidwa bwinobwino, simbi itaimikidwa, ikadali yofunda. Mayi kunalibe. Bulashi kunalibe. Mwana wawo wamwamuna, amene nthawiyo mano akutsogolo anali atangoguluka, anamusiya kwa alongo awo a a Saizi.

Kuchokera tsiku limenelo khoma linasiya kuvula. Amuna atatu aja anatsala ndi mathalauza otambasuka, fasho n'kuwapitirira, n'kubwerera kudzawapeza, n'kuwapitiriranso. Anthu ankati, "A Saizi, fufutani chithunzichi, mukudzipweteka." Iwo ankayankha kuti akufunafuna mtundu wabwino wa penti. Anaufunafuna mpaka tsitsi lonse linathothoka.

M'mawa uliwonse akatsegula shopu ankayamba kupukuta fumbi pakona ija, asanasese n'komwe. Kusita anaphunzira okha, patebulo lomwe lija, ndipo malaya amene anawotcha chaka choyamba akanatha kuveka timu yonse ndi osewera apabenchi. Ankasita akuyankhula motsitsa. Timu yawo ikagonja tinkawamva akuti, "Atichinyanso, amake mwana. Goloboyi uja manja ake ndi a sopo." Akazi ofuna kulowa m'malo anabwera ndithu, ena okongola kwabasi. Koma aliyense akaona kuti mnzake ali kale pakhoma, akumuyang'ana, atatsala pang'ono kuseka, ankatola kachikwama kake.

Mwana uja anakula, anapita kusukulu zapamwamba, n'kubwerako atavala jinzi yong'ambika m'maondo imene anagula ili yong'ambika kale. A Saizi ataiona anafuna kuitengera kwa telala. Iye shopu ankaitchula kuti butiki, choncho ife tinamupatsa dzina loti a Manijala. Nzeru anali nazo, tisamunamizire. Anati masiku ano anthu amagula pafoni, zovala zimafunika kuzijambula patsogolo pa khoma lakuda lopanda kanthu.

"Adadi, khomali tilipake," anatero tsiku lina.

"Lakulakwira chiyani?"

"Anzanga amaseka. Amati woimba wanuyo wavala makatani."

"Asiye aseke. Thalauza imeneyo idzabweranso, ndaiona ikubwera kangapo."

"Nkhani si thalauza, adadi, inunso mukudziwa."

A Saizi anapitiriza kusita ngati sanamve. Mnyamatayo anadzaima pafupi ndi tebulo, n'kuloza pakona osayang'anapo.

"Inu mumawapatsa moni m'mawa uliwonse. Ine ndakula ndikuyang'anidwa ndi munthu amene anandisiya. Ndikachokera kusukulu, akuseka. Ndikadwala n'kugona pansi pa tebulo ili, akuseka. Ndatopa nawo, adadi."

Simbi inakhalitsa pamalo amodzi mpaka fungo linamveka kwa wometa. A Saizi anaichotsa, nayang'ana bowo la pamalaya, nati, "Kagule penti."

Tsiku lopaka, a Saizi anapukuta fumbi pakona ija monga mwa masiku onse, kenako analowa kwa wometa n'kukhala pampando.

"Ndimeteni."

Wometa anayang'ana dazi lija, longa bondo la khanda. "Ndimete chiyani, akulu?"

"Funafuna. Usafulumire."

Wometa anamvetsa. Anawakulunga nsalu, nayendetsa makina pamutu wopanda tsitsi mpaka ntchito kuseri kwa khoma inatha. Ndi tsiku lokhalo limene wometa ameneyo anameta munthu osanena miseche.

Khoma lakuda linagwiradi ntchito. Anyamata anayamba kudzaza, kudzijambula ataima chopendekera ngati msana ukuwapweteka. A Saizi ankakhala pampando pafupi ndi khomo, kutchula masaizi akafunsidwa. Kusita ankasitabe, koma ali chete. Timu yawo inagonja koopsa sabata imeneyo, ndipo sanauze aliyense.

Fungo la penti lisanathe n'komwe, masana ena pakhomo panaima nkhalamba. A Saizi anayamba kuiyang'ana kuphazi monga mwa chizolowezi. Nsapato zamadontho a penti. Thalauza yomangidwa ndi lamba woboola bowo latsopano, kusonyeza kuti mwini wake waonda posachedwa. Malaya amakwinya ngati atuluka m'kamwa mwa ng'ombe, batani lolowa pabowo la linzake. Kolala mbali imodzi itapindikira mkati. Atafika pankhope, anapeza ndi Bulashi.

Kwa zaka zonsezo a Saizi ankakonzekera mawu oti adzamuuze munthu ameneyu. Ena tinkawamva akuwayeserera, ndipo sindingawalembe pano, ana amawerenga. Koma maso awo anabwerera pakolala paja n'kukhala pomwepo.

"Amake mwana amwalira liti?" anafunsa.

Bulashi anagwira chitseko. "Wakuuzani ndani, achimwene?"

"Kolala yako. Akanakhala moyo sukanatuluka m'nyumba chonchi."

Bulashi anati mwezi watha, atadwala nthawi yaitali. Anayankhula atayang'ana pansi. A Manijala anali kuseri kwa kauntala, foni ili m'manja, osagwedezeka.

"Sindinabwere kudzapepesa, ndikudziwa kuti nthawi yake inapita," anatero Bulashi. "Ndabwera kudzapempha kuti ndiwaone kamodzi kokha. Kunyumba ndilibe chithunzi chawo ngakhale chimodzi. Chichokereni kuno anakana kujambulidwa, kaya ndi bulashi, kaya ndi kamera. Ankati nkhope yawo anaisiyira mwana pakhoma, kuti asadzawaiwale."

Atatero anadzutsa mutu n'kuyang'ana kumapeto kwa shopu.

Pakanema wina anagoletsa, anthu a mmenemo n'kumakuwa okhaokha.

Woyamba kusuntha anali a Manijala. Anatenga kiyi wa shopu, nakankha tebulo lositira, nayamba kupala pakona paja. "Anali apa, eti adadi? Apa?"

"Kwezako pang'ono. Pamenepo ndi paphewa."

Anapala. Penti yakuda inkachoka, koma inkachoka pamodzi ndi yakale ya pansi pake, zonse n'kumagwa ngati mamba a nsomba, kutsala pulasitala woyera. Anayesa pena, mofatsa, ndi chikhadabo. Chimodzimodzi. Kachidutswa kena kofiirira kanagwera pansapato yake yoyera, iye n'kukatola, n'kumakatembenuza, osadziwa ngati ndi tsaya kapena khutu.

"Basi, mwanawe," anatero a Saizi. "Ukuwapweteka."

Mnyamatayo anatembenukira kwa Bulashi, maso ali ofiira. "Ajambuleninso. Penti ndigula, mtundu uliwonse."

Bulashi anatambasula manja ake kuti awaone mmene ankagwedezekera. "Awa sangagwire ngakhale supuni. Komanso ndikatsinzina, amene ndikumuona ndi wa pabedi la kuchipatala. Wa pakhoma uja anandithawa kalekale."

"Ine ndimamuona," anatero a Saizi. "Mpaka thukuta la pamphuno. Koma kujambula sinditha."

Anakhala choncho amuna atatu, kuyang'ana kachigamba koyera pakhoma lakuda. Kasitomala wina anasuzumira, naona nkhope zawo, nabwerera chambuyo.

Kenako a Saizi anadzuka, nabwezera tebulo pamalo pake, nalumikiza simbi kumagetsi. Anaiyesa ndi chala chonyowa ndi malovu.

"Vula malayawo."

"Achimwene?"

"Ndati vula. Wagontha liti?"

Bulashi anavula, nakhala pampando wa a Saizi atatsala ndi vesiti yobooka, nthiti zili pamtunda. A Saizi anayala malaya aja patebulo. Anayamba kunsi kwa kolala, kenako pamwamba, kuchokera kunsonga kupita pakati. Pansalu pankagwa timadontho, simbi n'kumalira kuti tsii ikatidutsa. Mukawafunsa lero amati anali madzi owazira, koma botolo la madzi linali pashelefu, lotseka.

Atamaliza anamuveka okha, namumanga mabatani kuyambira pansi, lililonse pabowo lake, nakonza kolala ndi zala ziwiri.

"Muno sutuluka ngati wagona m'ngalande," anatero, osamuyang'ana kumaso. "Angatikalipire tonse."

Kachigamba koyera kaja kakadalipo. A Manijala akamajambula zovala amangosunthira pambali pang'ono. Ndipo m'mawa, ukafika shopu ikungotsegulidwa, umapeza fumbi lapukutidwa kale pamenepo. Bambo amati si iwo. Mwana amati si iye.