Kugaya nkhope ya amayi

Chimene ndimakumbukira kwambiri ndi kulira kwa fani ya kompyuta ija, kaphokoso kopyapyala ngati ka udzudzu wosafuna kutera. Ndinkagwira ntchito m'kashopu kolowetsa nyimbo ndi mafilimu m'mafoni, kufupi ndi mishoni ya Nguludi. Tsiku lonse ndinkangochepetsa mavidiyo kuti azitseguka m'mafoni a mabatani. Agogo, amene anandilera amayi atamwalira ine ndili khanda, ntchitoyi ankaitchula kuti kugaya.

Chaka chimenecho amalume a ku Limbe anapeza kaseti yakale ya ukwati wina n'kuiika pa intaneti. M'kwaya ya pa ukwatiwo munali amayi, akuimba. Pa foni ya amalume vidiyoyo inkatseguka bwinobwino, koma kafoni ka agogo kankaikana. Maso a agogowo anali atayamba ng'ala, ndipo ankafuna kumuona mwana wawo kusanade. Ndinawaonetsa kamodzi pa kompyuta, anthu ali pamzere kumbuyo kwawo. Sanakhutire. Ankafuna wokhala naye kunyumba.

"Ukagaye, iwe. Si ntchito yako imeneyi?"

Ndinagaya. Koyamba zinatuluka zithunzi zopanda mawu. Kachiwiri mawu ankatsogola, milomo n'kumatsatira m'mbuyo. Magetsi anazima, ndinadikira, ndinayambiranso. Imene inadzavomera kutseguka inali yochepetsedwa kwambiri, moti nkhope za oimba zinasanduka timabokosi tofiirira tongonjenjemera. Mpata wa mano wa amayi, wofanana ndi wanga, sunkaonekanso. Ndinali nditatopa, ndipo ndinaipereka choncho.

Agogo anakhala nayo masiku angapo. Ndinkawaona pakhonde atagunditsa kafoniko padiso lakumanja, losaipitsitsalo. M'mawa wina anatulukira pa shopu akuchokera ku Misa.

"Chigayo chako n'chakuba," anatero. "Wandipatsa gaga. Ufa uli kuti?"

"Kafoni kanu sikangalandire zoposa pamenepa, agogo."

"Ndiye usandinamize kuti uyu ndi mwana wanga. Ndikamayang'ana zimenezi ndikuyamba kuiwala nkhope yake yeniyeni ija."

Fani inkangolira.

"Koma mawuwo ndi ake," anapitiriza agogo. "Ndawazindikira. Pokweza paja amasasa pang'ono, chimodzimodzi ali mtsikana. Chotsamo nkhopeyo, undisiyire mawu okha."

Anamasula mfundo ya pansonga ya chitenje, anandiika memori khadi m'dzanja, n'kuyamba kutsetsereka pang'onopang'ono ndi njira ya kwathu.