Ngodya Zisanu ndi Zitatu za Doña Eulogia

Mumsewu mwathu muno ku El Alto palibe munthu amene analembedwapo mu nyuzipepala. Ine sukulu ndamaliza, ntchito ndilibe, ndiye ndati ndiwalembe ndekha, kuyambira ndi eni nyumba yomwe timakhalamo, Doña Eulogia Callisaya.

Mayiwa agulitsa supu ya mtedza pamsika kwa zaka makumi atatu. Nyumba yawo ya njerwa anaikweza ndi ndalama za okhalamo, monga timachitira kuno: wolowa amapereka chikole chachikulu kamodzi, n'kukhala zaka ziwiri osalipira lendi, ndipo potuluka amalandira chonse. Chikole cha amayi anga chinagula malata. Cha Don Wilfredo Tarqui, dalaivala wa minibasi, chinamanga masitepe.

Kuwerenga sadziwa kwenikweni, koma nyumba yawo amaidziwa ngodya ndi ngodya. Lachiwiri la chikondwerero cha Kanivala, tsiku limene aliyense amadalitsa katundu wake, amalowa m'chipinda chilichonse kukathira mowa ndi kumwaza maluwa pangodya zonse, kuti Pachamama, mulungu wamkazi wa nthaka, asatiiwale. Tsiku limenelo palibe amakhoma chitseko.

Chaka chino Don Wilfredo anali pamsewu, akumanga mabaluni pa minibasi yake. Doña Eulogia atalowa m'chipinda chake chachikulu, anapeza khoma la matabwa litachidula pakati. Kuseri kwake kunali bedi, mbaula ndi makina olukira majuzi. Pambali pa makinawo panaima Doña Basilia Poma, mayi wamasiye amene tonse tinauzidwa kuti ndi mlongo wake wa dalaivalayo, wabwera kudzaonana ndi dokotala.

"Mayi anzanga, mwafika bwino," anatero Doña Basilia. "Tathirirankoni ndi makina angawa, dzanja lanu ndi la mwayi."

Tsiku lotere sakana. Anathira, namwaza maluwa, namwera limodzi tambula imodzi. Kenako anafunsa: "Nanga khomali mlongo wanu walimangiranji?"

"Mlongo wa ndani? Ine ndine wa lendi. Ndimalipira kwa Don Wilfredo mwezi ndi mwezi, ndipo chikole ndinapereka, maboliviyano zikwi ziwiri. Ndinachita kugulitsa ngolo ya malemu amuna anga."

Zotsatira zake tonse tinazimva, chifukwa Doña Eulogia anafuulira pawindo.

"Bwana landilodi! Takwerani kuno mudzadalitse nyumba yanu!"

Don Wilfredo anakwera, maluwa ali m'tsitsi.

"Mayi, musapse mtima pa tsiku labwino. Ndi kathabwa chabe."

"Kathabwa kolipira lendi? Ukandionetse komwe amagulitsa, ndikaguleko khumi."

"Chipindacho chinandikulira."

"Ndiye chikole cha mlongo wakoyu chili kuti?"

Anakanda m'mutu. "Ndinagulira matayala."

"Mwamva, mayi? Ngolo ya amuna anu ikuyendabe, koma ikunyamula anthu pasiteji ya Ceja."

Doña Basilia sanaseke. Pepala la mgwirizano linkanena momveka: wolowetsa munthu wina mwamseri atuluke, ndi munthu wakeyo. Mwezi womwewo zaka ziwiri za Don Wilfredo zinkatha. Iye akanachoka ndi chikole chake, mayiyo akanatsala panja ndi makina okha.

Mkamwini wa Doña Eulogia anawalangiza kuti athamangitse onse awiri ndi kudulapo theka la ndalama, akuti kuti ena atengerepo phunziro. Iwo anangopukusa mutu.

"Ndamwa naye. Makina ake ndawathirira ndi dzanja langali. Ndikam'taya pamsewu, chaka chamawa ndidzathira mowa ndi nkhope yanji?"

Tsiku lotuluka litafika, anaitana onse awiri pabwalo. Doña Eulogia anam'bwezera Don Wilfredo chikole chake, kupatula zikwi ziwiri zimene anaika m'manja mwa Doña Basilia.

"Kumeneko ndi kuba!" anakuwa dalaivalayo. "Chikole amabweza chonse! Tikaonana kwa loya!"

"Pita, mwanawe. Ukam'fotokozere bwinobwino za mlongo wako. Ndikulipirire basi?"

"Ndiye matabwa anga ndizula."

"Zula, koma bowo lililonse la msomali ulimate."

Don Wilfredo anakawerenga misomali ija ndi maso, n'kungonyamula matiresi ake.

Doña Basilia anazigwira ndalamazo kanthawi, kenako anazibweza kwa Doña Eulogia.

"Chikhale chikole changa, koma tilembe pepala lokhala ndi dzina langa."

Amene analemba pepalalo ndine, ndipo sindinalakwitse chilembo ngakhale chimodzi.

Lero makina amalira kuyambira m'mawa, ndipo m'theka linalo mukukhala mphunzitsi. Don Wilfredo amaimabe pamsika kudzamwa supu, n'kumadandaula kuti nyama yachepa. Doña Eulogia amam'thirira chipande china, koma amalipitsa.

Dzulo ndinawapeza akuuza mayi wogulitsa maluwa kuti Kanivala ikubwerayi adzawasungire ambiri kuposa kale.

"Mwamanganso nsanjika ina?"

"Ayi. Chipinda changa chabereka ngodya zinayi."