Kasipika ka Achimwene a ku Joni

Kasipika kaja kanabwera pa basi ya ku Joni, katakulungidwa m'juzi pamodzi ndi karauta ka intaneti koikamo simu khadi. Anatumiza ndi achimwene anga, amene anali atatha zaka zambiri kumeneko akusamalira maluwa pakhomo pa bwana wina. Kanali kozungulira, kukula kwake ngati botolo la mafuta odzola. Achimwene anakatchera okha asanakatumize, ine yanga inali kungokalumikiza ku batire la sola. Ukakatchula dzina lake kankayaka mkombero wabuluu n'kudikira kuti ufunse.

Chichewa sikankachimva ngakhale pang'ono. Ndiye pakhomo pathu ku Liwaladzi womasulira ndinali ine, ndi Chingerezi changa chothera Folomu 2. Bambo, amene anali ndi boti ndi khoka lawo la chilimira, anayamba kukayesa ngati mkamwini watsopano.

"Takafunsa, mawa kuli mwera?"

Kakayankha, iwo ankatuluka kukayang'ana mitambo ya kutsidya, n'kubwerera. "Kanena zoona, koma kachedwa. Ine ndinadziwa dzulo." Tsiku lina kanaphonya, kanati kukhala bata, koma kunacha nyanja ili yoyera ndi mafunde. Abale, bambo anasangalala sabata yathunthu! Komabe alovi awo, anyamata a pa boti, akamakonzeka kulowa m'madzi ankadzera pakhomo kudzamva kuti kanena chiyani, ndipo bambo sankawaletsa.

Ine ndiye chidwi chinandigwira koopsa. Ndinkakafunsa zilizonse. Tizilombo ta nkhungu timachokera kuti tikamafuka pakati pa nyanja ngati utsi? Usipa umagona? Ku Joni kukuzizira bwanji lero? Kenako ndinayamba kukakayikira. Ndinakafunsa maso ndi maso ngati kamamva zonse zimene timalankhula, kanati ayi, kamangomvetsera kakatchulidwa dzina. Ha! Nanga kamadziwa bwanji kuti katchulidwa ngati sikanali kutchera khutu kale? Ndinkachita dala kunena miseche pafupi nako, diso lili pa mkombero uja. Sikankayaka. Koma nthawi zina wailesi ikulankhula kankangoyaka kokha, popanda wokaitana, ine tsitsi n'kuima.

Chaka chimenecho bambo anayamba kutupa miyendo. Kuchokera kudoko kufika pakhomo ankapumira kawiri, munthu amene kale ankanyamula injini paphewa. Ndinapita nawo kuchipatala cha pa boma. Adokotala analankhula zambiri mofulumira, analemba m'buku, natipatsa mapiritsi. Titafika kunyumba bambo ananyamula kasipika kaja, kukakaika pakhonde, n'kutseka chitseko.

"Za m'nyumba sakamba pali mlendo," anatero.

Ndinaseka mpaka misozi. "Bambo, kameneka Chichewa sikamva!"

"Nawenso uli khanda sunkamva. Lero sukumva?"

Atatero anakhala pampando n'kutsitsa mawu. Anati uyo wa ku Joni usamuuze, akafunsa ndi malungo. Sizinali zachilendo. Kwathu munthu wakutali samuuza matenda aakulu, amamuuza kuti akupezako bwino, dzulo adya. Koma kwa achimwene panali chinanso. Mapepala awo anali atatha kalekale, ndipo akanangodutsa pa boda kubwera kuno, njira yobwerera inali yotsekeka. Ntchito, kanyumba kawo, zaka zonse zija, zikanathera pomwepo. Ndinalonjeza, ndipo pa foni ndinkanama bwinobwino osaphethira.

Chimene chinandivuta ndi buku lija. Mawu amene adokotala analemba ankandiyabwa mumtima. Lachisanu lina bambo atapita ku mzikiti ku mapemphero a Ijumaa ndinalitulutsa pansi pa matiresi, ndinakhala pafupi ndi kasipika, n'kuyamba kukawerengera chilembo chimodzichimodzi. Kanandifotokozera bwino kuposa adokotala, ndisaname. Kanati mtima ukulephera kupopa magazi mokwanira, n'chifukwa chake madzi akudzaza m'miyendo, ndipo mchere uchepe. Ndinafunsa ngati amachira. Ndinafunsanso kuti munthu wotere amakhala nthawi yaitali bwanji. Kanati zimasiyana, ndikafunse adokotala. Ndinakwiya nako, ndinabwereza funsolo katatu ngati kuti kakundibisira.

Dzuwa lisanapendeke foni inalira.

"Chemwali, akudwala mtima ndani?"

"Palibe achimwene, ndimangofunsa."

"Iwe, za usipa umangofunsa. Izi wafunsa katatu."

Kani chilichonse chimene ndinkafunsa kasipika kaja chinkalembedwa pa foni yawo, poti anakatchera ndi iwo! Sanakatumize kuti kakhale kazitape, ayi. Anandiuza pambuyo pake kuti nthawi yopuma masana ankakhala pansi pa mtengo n'kumawerenga mafunso athu, za mwera, za nkhungu, akuseka okha, ndipo zinkakhala ngati ali pakhonde pathu. Sanandiuze chifukwa ankaopa kuti ndisiya kufunsa. Ine chitsiru ndinataya miyezi kufufuza ngati kamamva zimene sindinakauze, osaganizako kuti zimene ndinkakauza ndekha ndi pakamwa panga zimapita kuti.

Ndinawachonderera kuti asabwere. Ndinalira pa foni, ndinati bambo andipha, ndinati mapiritsi akugwira ntchito, dikirani kaye mwezi umodzi. Anangoti, "Wamaliza?" n'kudula.

Bambo sindinawauze. Masiku asanu ndinkaphika ndiwo zopanda mchere, ndikuyang'ana kumsewu, mtima uli m'mwamba. Mwina asintha maganizo, mwina abwana awo awakaniza. Theka la mtima wanga linkapemphera kuti asabwere, theka lina linkawerenga maminibasi oima pa siteji. Ndinkawafuna, ndivomere. Ndinali nditatopa kusenza ndekha matenda aja.

Anafika tsiku lachisanu ndi chimodzi cham'mawa, bambo ali pakhonde miyendo atasanjika pa mpando wina. Bambo anawayang'ana mwana wawo akulowa pabwalo, wonenepa, wa imvi m'ndevu, munthu amene anachoka ali mnyamata. Sanadzuke, sakanatha kudzuka msanga. Achimwene anagwada n'kuwagwira dzanja.

"Wabwera ndi chikwama chimodzi?"

"Eya, bambo."

"Ubwerera liti?"

Achimwene anangoweramitsa mutu. Bambo anatembenuka kundiyang'ana ine, ndili chiimire pakhomo ndi chipande m'manja, ndipo ndinadziwa kuti adziwa. Ndinayembekezera mawu oopsa amene ndinali nditawakonzekera masiku onse aja. Koma sanandikalipire.

"Wamuphera ntchito mwanayu," anatero motsitsa.

Dzanja la achimwene sanalisiye. Analigwira ndi manja onse awiri, mpaka tiyi amene ndinawaikira anazizira pomwepo. Ku Joni achimwene sanabwererenso. Amasoka maukonde kudoko, ndipo mpaka lero sanandithokozepo, sanandidandaulirepo.