Fomu Yanga Yokana Anthu

Nditamaliza kosi ya makompyuta ya miyezi isanu ndi umodzi, ndinkayenda mu Area 23 ndi diski m'thumba la malaya, dala kuti izionekera. Ntchito ndinaipeza pa kabungwe kena ku Biwi, kothandiza okalamba kupeza magalasi a maso. Abwana, mayi wa ku Rumphi wosakonda zolankhula zambiri, anandiuza kuti ndipange fomu ya pa intaneti yolembetsera anthuwo.

Bokosi lililonse la pafomupo ndinaliikira lamulo. Dzina likhale zilembo zokhazokha. Tsiku lobadwa lilembedwe lonse. Nambala ya nyumba ndi ya foni zisasiyidwe. Ukaphonya chimodzi, fomu inkatulutsa mawu ofiira n'kukana kupitirira, ndipo mawu ofiirawo ndinkawanyadira kwabasi.

Tsiku lolembetsa, woyamba kukhala pampando patsogolo pa kompyuta yanga anali mkulu wa mpingo wa ku Kawale, atavala jekete. Dzina lawo linali ndi ng' pakati, ndipo fomu inakana kachizindikiro kapamwambako.

"Abambo, dzina lanu ndi lolakwika," ndinatero, ndikungowerenga zimene kompyuta inalemba.

"Lolakwika? Achimwene, dzinali ndinabatizidwa nalo inu musanabadwe!"

Kenako kunabwera amayi ena a ku Mgona, ogulitsa usipa. Nditafunsa nambala ya nyumba anati, "Kuseri kwa chigayo, pali mtengo wa mapeyala." Za tsiku lobadwa anangoseka. Foni analibe.

Pofika masana mzere unali utafika kumsewu, ine nditalemba anthu awiri okha. Abwana anaima kumbuyo kwanga.

"Chotsani malamulo anuwo."

Ndinawazimitsa onse mopsa mtima, osasiya ngakhale limodzi. Fomu inayamba kumeza chilichonse, mzere n'kutha, ine n'kumadzimva kuti ndapulumutsa bungwe.

Lachisanu abwana anasindikiza mndandanda. Munali agogo obadwa chaka chamawa. Abambo ena analembedwa kanayi, chifukwa intaneti ikachedwa ndinkangodinadina batani. Mizere ina ya mndandandawo inali ndi malo okhala koma yopanda dzina, poti ndinkalemba mothamanga.

"Amalemba izi ndani?" anafunsa abwana, akudziwa bwino kuti kompyuta inali imodzi ndipo sindinkalola aliyense kuikhudza.

Ndinayatsanso malamulo awiri okha, lakuti dzina lisasowe ndi lakuti munthu asalembedwe kawiri. Koma opanda mayina aja anafunikabe kupezedwa. Ndinayenda masiku atatu ku Chinsapo ndi ku Mgona, fumbi mpaka m'mawondo, ndikufunsa anthu za okalamba ovutika maso.

Womaliza ndinawapeza pakhonde, abambo osoka nsapato ochokera ku Mangochi. Anandipatsa kampando, n'kundiyang'anitsitsa atatsinzina diso limodzi.

"Inu si a kompyuta aja munataya dzina langa?"

"Ayi, abambo," ndinatero. "Ine angondituma."